Chifuwa Kuseri kwa Thanki

Anandituma kukakolopa nyumba ya kukampu
imene mwini wake adakwera ndege mgodi utasintha eni.
Makiyi atatu, ndowa, chikolopa,
ndi mawu a kapitawo Zefaniya: "Zonse zotsala, kudzala."

Kuseri kwa thanki ya madzi ndinamva chifuwa,
chouma, cha munthu wamwamuna, katatu.
Ndinati odi.
Chinatsokomolanso.

M'khola la waya losakwana kutambasula phiko
munali chinkhwe, koma osati zobiriwira zathu zija
zoba masawu m'mbali mwa Revubwe.
Ichi akuti chidabadwa choyera, kutsidya kwa nyanja zingapo.
Fumbi la malasha a Moatize lidachipaka phulusa,
pachifuwa khungu lokhalokha ngati nkhuku ya pa Khirisimasi.
Chidadzisosola chokha, nthenga imodziimodzi,
monga wandende awerengera masiku pakhoma.
M'chitini cha madzi munali ndere zouma
ndi mphemvu yakufa chagada.

Ndinamasula kapulana wapamwamba n'kuphimba khola.

Mu chapa anandilipiritsa mipando iwiri.
Titafika pa njanji chinakuwa mokuti dalaivala anaponda buleki,
tomato wa mayi wina n'kumwazika mpaka kukhomo.
Ndinalipiranso tomatoyo.

Sabata yoyamba chinandiluma chala mpaka magazi.
Chimanga chinakana, mpunga chinataya.
Mwana wanga Benedita ndiye anaswa dambe,
n'kuchipatsa kudzera pawaya, dzanja likunjenjemera.
Chinalandira ndi phazi, ngati mlendo waulemu.

Chimadziwa kulira kwa foni imene tilibe,
kulira kwa chigalimoto cha mgodi chikamabwerera m'mbuyo,
ndi mawu awiri achizungu
amene mphunzitsi Alufandika anakana kutimasulira.
Koma usiku, magetsi akazima, ndi chifuwa chija.

Apa ndinene zoona.
Bambo a Benedita ankatsokomola chomwecho
chaka chawo chomaliza, katatu, kenako chete.
Sindidziwa ngati ndidanyamula mbalameyo chifukwa cha chisoni
kapena chifukwa cha chifuwacho.
Ndinkagona chitseko cha kuchipinda chili chotsegula.

Ndinachisambitsa ndi botolo loboola chivindikiro.
Madzi oyamba anatsika akuda bii ngati ochapira ovolosi,
achiwiri otuwa,
tsiku lachisanu chinadzigwedeza, n'kuimika chisunzi pamutu,
chachikasu ngati duwa la dzungu,
ndipo Dona Felisimina, amene adakatisumira kwa mwini nyumba za phokoso,
anasuzumira pampanda nati, "Kodi chinali chokongola chonchi?"

Wamalonda wina wa ku Zobwe anabwera atamva mbiri.
Anayala mametikali pamphasa, okwana lendi ya miyezi inayi.
Ndinawayang'ana nthawi yaitali, sindinama.
Benedita anali atakhala chotifulatira,
chinkhwe chili paphewa pake chikumusesa tsitsi ndi mlomo.
Munthuyo anapinda ndalama zake.
Lendi sindinamalizebe.

Khola tinaikamo anyezi.
Icho chimagona pa mpini wa khasu womwe ndidakhoma pakona,
chidatafuna kale mwendo wa mpando ndi chikuto cha buku la nyimbo.
Nthenga zamera, koma osati zonse:
pamtima patsala kadazi konga ndalama yachitsulo,
ndipo dzuwa la Okutobala likaphulitsa malata
ndimachiona chikuweramira pomwepo.
Ndimati, "Iwe, leka."
Nthawi zina chimaleka.

Tsopano chimaseka ngati Benedita,
chimati "mayo msana wanga" ndisanakhale n'komwe pansi,
chimaitana mbuzi za eni ake mayina.

Dzulo ndinadzidzimuka pakati pa usiku.
Sitima ya malasha inali kudutsa, mabogi osatha.
Itapita ndinatchera khutu.
Mwezi wathunthu tsopano chisanatsokomole.
Ndinadzuka, ndinayang'ana pakona pali mbuu,
mutu chitabisa m'phiko,
ndipo ndinaima pamenepo, dzanja pa chitseko,
osadziwa ngati nditseke.